Tsiku Limene aTembo Anandikana

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinakhala koyamba patebulo la m'nyumba yodyera ya azungu. Ndikukumbukira kuti linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira ngati zapangana kuti munthu asamve mnzake. Kumwamba kunali kotuwa ndi utsi wa malupsa, ndipo dzuwa lenilenilo linkaoneka lofiira ngakhale masana. Papita zaka zambiri, mano ena anandithera m'kamwa, koma tsiku limenelo silinandichoke.

Tinkakhala kufupi ndi Katete, pa kasukulu ka mishoni kamene atate ankaphunzitsapo. Inali nthawi ya Chitaganya, chakumapeto kwake, pamene akuluakulu akafuna kunena nkhani ya dziko ankayamba acheuka kaye. Ife ana tinkangoona kuti nkhani zina zimatha tikangotulukira, koma sitinkafunsa.

M'mphepete mwa msewu waukulu wochokera ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, kupitirira pang'ono masitolo a amwenye, panali nyumba yodyera ya Mtaliyana wina. Dzina lake lenileni sindinalimvepo. Aliyense ankamutcha Piyano, chifukwa wantchito akathamanga ndi mbale iye ankakuwa kuti "piyano, piyano," komwe akuti m'chilankhulo chakwawo n'kunena kuti pang'onopang'ono. Akuluakulu ankati anabwera kuno ngati mkaidi wa nkhondo, ndipo nkhondo itatha sanabwerere kwawo. Nyumbayo anamanga yekha ndi njerwa zootcha. M'kati munkadya alimi a fodya, azungu oyendetsa malole ndi ena apaulendo. Ife akuda tinkagulira pa kazenera ka kumbali, moyang'anizana ndi mgolo wa zinyalala: tiyi wa m'chitini ndi banzi, mtengo wake tiki, n'kudyera choimirira padzuwa.

Woperekera zakudya m'nyumbamo anali aTembo, Ansenga a ku Sinda, munthu wamtali wa zala zazitali. Sanali achibale athu, koma ndinkawatcha amalume. Lachinayi lililonse masana, tsiku lawo lopuma, ankabwera kwathu panjinga. Asanalowe m'nyumba ankaima pabwalo, n'kundiombera m'manja ngati ndine mayi wamkulu, n'kufunsa kuti aNaphiri aswera bwanji. Panalibe wina amene ankanditchula ndi chiwongo changa. M'thumba la jekete ankanditengera kamutu ka buledi wa kwa Piyano, wolimba kunja, wofewa m'kati.

Akatero ankalowa m'chipinda cha atate, m'mene munkakhala kale amuna ena atatu, chitseko n'kutsekedwa. Amayi ankati ndi za kwaya, n'kundituma kuchitsime. Koma chitsime chinali pafupi, ndipo khoma la nyumba ya aphunzitsi silinkafika kudenga. Nyimbo sindinaimvepo ngakhale imodzi. Chimene ndinkamva chinali mawu a aTembo akufotokoza zimene azungu akambirana patebulo sabata imeneyo: munthu amene akufunidwa, mudzi umene kupite galimoto, msonkhano umene akufuna kuubalalitsa. Azunguwo ankalankhula pamaso pawo ngati pamaso pa mpando, osadziwa kuti Chingerezi ankachimva chonse. ATembo ankatsanzira mawu awo a m'mphuno, amuna aja n'kumaseka motsitsa. Ine ndinkaseka nawo kuseri kwa khoma. Kwa ine inali nthabwala chabe.

Chaka chimenecho kunamveka kuti lamulo lasintha, munthu wakuda angathe kulowa m'nyumba zodyera n'kukhala pampando ngati wina aliyense. Ku Katete panalibe amene anayesa. Atate anali munthu wabwino, koma wosafuna kuuzidwa kuti apa ayi. Nditakhala woyamba pa mayeso a m'kalasi mwathu, ananena tikudya kuti Loweruka anditengera kwa Piyano, ndikadye ndi foloko m'kati mwenimweni. Amayi anaika pansi chikho chimene anagwira. Anati mwana asapite kumeneko, ngati akufuna kuyesa lamulo akaliyese okha. Anawakumbutsanso kuti aTembo anachita kupempha kuti asadzapondeko. Atate anayankha kuti lamulo si la azungu okha, ndipo mwana wawo ayenera kuona ndi maso ake kuti mpando suluma. Mawu okhudza aTembowo ndinawamva, koma ndinaganiza kuti amalume akuchita manyazi kuti tikawaone atavala epuloni.

Malangizo amene anandipatsa anali awiri okha: ndikakhale mowongoka, ndisakagwire chakudya ndi zala. Za kusunga pakamwa palibe amene anandiuza.

M'mawa wa Lowerukalo amayi anandiluka tsitsi, anapaka choko nsapato zanga zansalu, anandiveka diresi la kutchalitchi. Sanatiperekeze ngakhale pamsewu. Ndinakwera pakaliyala ya njinga, ndikumva msana wa atate ukunyowa ndi thukuta pansi pa jekete.

Titafika, chinthu choyamba kuchiona chinali galimoto yobiriwira itaima pansi pa mtengo wa mango, kutsidya kwa msewu. M'kati munali dalaivala, munthu wakuda mnzathu, atakhala chowongoka, mawindo otseka pa kutentha konse kuja. Sankagona, sankawerenga, ankangoyang'ana kutsogolo. Pa kazenera panali anthu angapo ndi zitini zawo za tiyi. Ataona atate akutsamiritsa njinga pakhonde lakutsogolo, onse analeka kutafuna. Mayi wina wachikulire wa dengu la nthochi anati chapansipansi, "Aphunzitsi, zenera lili kuno." Atate anawapatsa moni mwaulemu, n'kundigwira dzanja. Chikhatho chawo chinali chonyowa.

M'kati munali kamdima kozizira. Maso atazolowera ndinaona matebulo asanu ndi limodzi okutidwa ndi nsalu za timabokosi tofiira ndi toyera, botolo lovekedwa udzu pashelefu, ndi bolodi lakuda pakhoma lolembedwa mitengo ya zakudya ndi choko. Fungo linali la matimati, adyo ndi mafuta ena amene sindinkawadziwa. Patebulo lapakati panali alimi awiri a makosi ofiira. Atationa analeka kulankhula, mmodzi foloko ili m'malere. Pakona, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu, panali mzungu wina payekha, woonda, wa magalasi, malaya ake a khaki osita bwino, akuwerenga nyuzipepala. Iye yekha sanadzutse mutu.

Tinakhala. Mpando unali wautali, mapazi anga ankalendewera.

Kenaka chitseko cha kukhitchini chinatseguka, aTembo n'kutulukira atavala zoyera. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinamwetulira, ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti amalume, koma maso awo anadutsa pamwamba pa mutu wanga ngati pampandopo palibe munthu. Anaima patali n'kufunsa atate, ndi mawu ouma amene sindinawamvepo, kuti akufuna chiyani muno. Atate anati tikufuna chakudya, mbale ziwiri. ATembo anakung'untha tebulo ndi kansalu kawo, nsonga yake n'kundikwapula padzanja.

"Kamwanaka kasagwire nsalu," anatero. "Kaidetsa."

Kamwanaka. Ine amene dzana lake lomwelo anandiombera m'manja pabwalo pathu.

Anachoka, ndipo m'malo mwawo kunabwera Piyano mwiniwake, wamfupi, wadazi, mikono yaubweya, thukuta lili m'khosi. Asanalankhule anaponya diso pakona paja, kamodzi kokha, msangamsanga. Ndiye ananena m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti mbale imodzi ndi masheleni khumi. Ine ndinali nditawerenga kale pabolodi, poti kuwerenga ndiko kunali kunyada kwanga: panalembedwa masheleni atatu. Atate analoza bolodilo. Piyano anati bolodi ndi lakale, mafuta akwera, ufa wakwera.

"Pita kunyumba, mphunzitsi," anatero. "Lero palibe bwino. Chakudya pang'ono, mtengo wamkulu. Bwera tsiku lina."

Alimi aja anaseka. Ndinaona mtsempha wa pachipumi pa atate ukutupa. Anapisa m'thumba la m'kati n'kutulutsa paundi yapepala, imene inali ya mbewu ya mtedza ya chaka chimenecho, anaiyala patebulo n'kuiwongola ndi chala. Piyano anaiyang'ana nthawi yaitali osaitola. Anang'ung'udza m'chilankhulo chakwawo, anadzilemba mtanda pachifuwa, n'kuitenga ngati ikutentha.

Ndiye tinayamba kudikira. Sindidziwa kuti inali nthawi yaitali bwanji, koma mthunzi wa khonde unasuntha kuchoka pakhomo mpaka pamasitepe. Alimi aja anamaliza, anakankha mipando mwaphokoso, ndipo mmodzi potuluka analavula pafupi ndi gudumu la njinga yathu. Tinatsala ife ndi mzungu wa pakona uja. Ntchentche imodzi inkazungulira kabotolo ka mchere. Tsamba la nyuzipepala linkatembenuka mwa apo ndi apo. Kukhitchini kunali zii, osamveka ngakhale supuni, ngati moto sanakoleze n'komwe.

ATembo anabwera ndi madzi, osati m'matambula agalasi ngati a alimi aja, koma m'zitini za pa kazenera. Poika changa dzanja lawo linapendeka, madzi n'kukhuthukira pa diresi langa la kutchalitchi. Sanapepese. Anati ana osazolowera ndi otero, kunali bwino kupita naye kwawo akasinthe. Misozi inayamba kutsika yokha, ndipo sindinkalirira diresi.

Atate sanasunthe. Pamenepo aTembo anawauza mwaukali kuti njinga yatsekereza khomo la azungu, akaichotse ikakhale kuseri. Atate anawayang'ana kumaso kanthawi, ndipo sindinamvetse chifukwa chake munthu wosafuna kulamulidwa uja ananyamuka osatsutsa. Anatuluka. ATembo anatola ndowa ya madzi otsukira mbale, nawonso n'kuzimirira kukhitchini.

Ndinatsala ndekha.

Ndinamva nyuzipepala ikupindidwa, kawiri, mosamala. Nsapato zake sizinkamveka pansi. Mzungu uja anafika patebulo pathu, ndipo m'malo moima pamwamba panga ananyonyomala kuti nkhope yake ilingane ndi yanga. Anatulutsa kampango koyera kopinda bwino n'kundipatsa. Atalankhula ndinadzidzimuka, chifukwa Chinyanja chake chinali chakumudzi chenicheni, chosalala, choposa cha abusa achizungu a ku mishoni. Anandifunsa dzina, kalasi, ndi chifukwa chimene atate anandibweretsera. Nditanena za mayeso anagwedeza mutu mokondwa, nati dziko lino likufuna atsikana otere. M'thumba la malaya anatulutsa switi yokulunga m'pepala lonyezimira.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Munthu uja alibe khalidwe. Ndi mmene amachitira ndi anthu osawadziwa."

"Koma amatidziwa," ndinatero ine.

Mawuwo anatuluka ndi mkwiyo wanga wonse. Ndinkafuna kuti munthu mmodzi yekha m'nyumba imeneyo adziwe kuti sindine kamwana ka pamsewu, kuti munthu wovala zoyera uja amanditcha aNaphiri. Mzunguyo anakweza nsidze ngati sakukhulupirira, ndipo kusakhulupirira kwakeko kunandikoka lilime. Ndinati amabwera kwathu Lachinayi lililonse. Anafunsa ngati amadzacheza ndi amayi kapena atate. Ndinati ndi atate, pamodzi ndi anzawo atatu, ndipo ndinawatchula maina onse, ntchito zawo zomwe. Anati ndiye kuti ndi a kwaya, poti atate ndi aphunzitsi a mishoni. Ndinaseka misozi ili m'masaya. Ndinati saimba ayi, aTembo amangofotokoza zimene azungu amanena muno, ndipo amawatsanzira moseketsa kwambiri.

"Amatsanzira ndani makamaka?" anafunsa akumwetulira.

Ndisanayankhe, chitseko cha kukhitchini chinamenya khoma. Piyano anatulukira chothamanga, mbale yotentha ili m'manja popanda n'kansalu komwe, ndipo anaitsitsa mwamphamvu pakati pa ine ndi mzunguyo mpaka msuzi unadumphira pansalu.

"Idya!" anatero. "Idya, mwana. Pakamwa ntchito yake chakudya."

Mzungu uja anaimirira mosafulumira, akudzikung'untha fumbi pabondo. Ananena mawu ochepa a Chingerezi kwa Piyano, motsitsa, mwaulemu, ndipo ndinaona nkhope ya Mtaliyanayo ikutuwa ngati phulusa. Kenaka anandisisita pamutu, pa tsitsi limene amayi analuka, nati ndine mwana wanzeru, mpangowo ndiusunge. Anasiya ndalama patebulo lake n'kutuluka. Kutsidya kwa msewu injini inalira iye asanafike n'komwe pagalimoto.

Atate analowa nkhope itasintha, akufuna kundinyamula kuti tizipita. Ataona kuti pakona palibe munthu, ndipo fumbi la galimoto likutha kumsewu, anapuma mozama n'kukhalanso pampando. Anaganiza kuti ngozi yadutsa. Mbale yachiwiri inabwera, tinadya.

Chakudyacho chinali tizingwe titalititali ta ufa wa tirigu, toterera, tosambira m'msuzi wofiira, pamwamba atawaza nyenyeswa za tchizi zonunkha ngati mkaka wosasa. Tinkathawa foloko ngati nyongolotsi. Ndinalimbana nato mpaka chibwano chinafiira. Atate anamaliza mbale yawo osatafuna bwino, maso ali kukhomo. ATembo anaima chakukhoma, manja kumbuyo, monga mwa ntchito yawo. Nthawi ina ndinadzutsa mutu, n'kuwapeza akuyang'ana kampango koyera ndi switi zimene zinali pambali pa mbale yanga. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatseka maso.

Pobwerera, tili panjira ya fumbi yodutsa m'minda yopsa, ndinauza atate ndili pakaliyala kuti m'nyumba monse muja munthu wabwino anali mmodzi yekha, mzungu wa magalasi, ndipo amalankhula Chinyanja kuposa abusa. Njinga inaima mwadzidzidzi mpaka mphuno yanga inagunda msana wawo. Ananditsitsa pansi pa mtengo wa msuku, nandiuza kuti ndibwereze zonse, zimene anafunsa ndi zimene ndinayankha, osasiya liwu ngakhale limodzi. Ndinabwereza. Pofika pa maina aja mawu anga anayamba kuchepa okha, chifukwa ndinkaona nkhope yawo.

Ndinayembekezera mbama. Ikanabwera mwina ndikanapepukidwa. Koma atate anangokhala pansi m'fumbi, ndi buluku lawo la kutchalitchi, n'kugwira mutu ndi manja onse awiri. Patapita nthawi anati aTembo anawatulutsira kuseri kuti awauze kuti munthu wa pakona uja ntchito yake ndi yosaka anthu a ndale, atenge mwana achoke msanga. Anandiuza kuti nditaye switiyo. Ndinaiponya m'tchire, mpango womwe.

Masiku otsatira ndi amene ndimaopa kuwakumbukira kuposa Loweruka lija, chifukwa sipanachitike kanthu. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi amayi anapita kwa akazi a aTembo ngati okacheza, n'kubwerako ndi yankho lakuti aTembo akana kuthawira kwa Apwitikizi. Akazi awowo anali oyembekezera, mwezi wotsiriza, ndipo iwo anati akathawa ndiye kuti anzawo aja ndiwo adzasenze zonse. Lolemba aTembo anapita kuntchito monga mwa nthawi zonse. Lachiwiri chimodzimodzi. Mitambo inkasonkhana masana kumapiri, yakuda bii, mabingu n'kumagunda patali, koma mvula osagwa. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu, choko cha atate chinkaima pabolodi, kalasi yonse n'kukhala chete mpaka phokosolo litazimirira. Lachinayi palibe amene anabwera. Atate anakhala okha m'chipinda chija, chitseko chili chotsegula, mipando ili m'malo mwake. Amayi sananditume kuchitsime.

Apolisi anawatenga aTembo Lachisanu la sabata yotsatira, masana, anthu a pa kazenera akuona. Akuti anatuluka ndi epuloni yawo, ndipo asanakwere galimoto anaivula, anaipinda bwinobwino, n'kuipatsira Piyano. Amuna atatu aja anaitanidwa kupolisi mmodzimmodzi. Atate nawonso anapita, anabwerako patatha masiku atatu ndevu zitamera, osanena kanthu za kumeneko. Mwezi usanathe inabwera kalata yakuti tisamukire ku kasukulu ka kumapiri a ku Vubwi, kufupi ndi malire, kumene galimoto sinkafika nthawi ya dzinja.

Tikumanga katundu, panjira panamveka njinga yamoto. Anali Piyano. Anaima pabwalo chipewa chili m'manja, anakana mpando. Atate anatuluka kukaonana naye, ine ndili kuseri kwa nkhokwe. Mtaliyanayo anati munthu wa magalasi uja anali atakhala pakona paja kuyambira dzulo lake, kumwa tiyi, kudikira kuti aone amene Tembo angamupatse moni. Anati chakudya anachichedwetsa dala, moto anachita kuzimitsa.

"Ine ndinati masheleni khumi kuti iwe ukwiye, upite," anatero. "Iwe unakwiya, koma unakhala." Anapukuta dazi lake ndi chikhatho. "Ine ndinakhala m'waya wa akaidi zaka zinayi, mphunzitsi. Wokuwa saopsa. Wolankhula mofatsa, ameneyo opa."

Atate anangoti zikomo, maso ali pansi. Sindinamuonenso Piyano. Tinamva kuti alimi atadziwa kuti nkhani zawo zinkatuluka analeka kudya kwake, ndipo chaka chisanathe Piyano anatseka n'kupita kumigodi. Nyumbayo inasanduka mosungira matumba a mtedza.

Ku Vubwi ndinakhala mwana wosalankhula. Anzanga atsopano ena ankati ndine wonyada, ena ankati ndine chitsiru. Mlendo akafika pakhomo ndinkathawira kumunda. Atate anandiuza kamodzi, tikupalira chimanga, kuti mlandu unali wawo, kuti anafuna kuonetsa dziko kuti saopa, n'kunyamula mwana ngati chishango. Ndinamva, koma sizinalowe. Ndinkadziwa pakamwa pamene panatuluka maina aja.

Patapita zaka zitatu, Chitaganya chili pafupi kutha, tinamva kuti aTembo anamasulidwa ndipo ali kumudzi kwawo kufupi ndi Sinda. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Patchuthi ndinapempha atate kuti tipiteko, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere ku Katete ndinaumirira pa chinthu. Tinayenda masiku awiri, panjinga ndi palole.

Tinawapeza m'mawa pansi pa mtengo, akusoka mphasa. Anali ataonda, mutu utachita imvi, ndipo ankaupendeketsa munthu akamalankhula. Kamtsikana ka zaka zitatu kanawagwira mwendo. Anatilandira bwino, nati ndakula, akanakumana nane panjira sakanandizindikira. Atate atapita kukapereka moni kwa akuluakulu a pamudzipo, ndinagwada pafupi ndi mphasayo n'kunena zonse zimene ndinazikonza mumtima zaka zitatu: kuti ndine ndinawapereka, kuti ndinatchula maina chifukwa cha mkwiyo ndi switi, kuti andikhululukire. Ndinanena maso ali pansi. Nditamaliza kunali zii. Ndinadzutsa mutu, n'kuwapeza akundiyang'ana mofunsa. Analoza khutu lawo lakumanzere, nati limenelo analisiya kumene anapita kuja, ndizungulire mbali inayo ndinenenso.

Ndinazungulira mphasa ndi maondo, ndinanenanso. Ulendo wachiwiriwo unawawa kuposa woyamba, koma mawu anatuluka omveka.

Anasisita bango la mphasa ndi chala. Kenaka anati mwana amanena zimene waona, ndiwo mkhalidwe wa mwana. Iwo akuluakulu ndiwo anandibisira njoka n'kundisiya nayo m'chipinda chimodzi. Anati za khutu munthu asadandaule, ena anataya zoposa pamenepo.

"Chimene chinkandivuta m'kati muja ndi china," anatero. "Ndi nkhope yanu pamene ndinakuthirani madzi aja. Ndinkati mwana uja akula akudziwa kuti ndinamuda. Ndiye poti mwabwera, imvani: ndinachita dala kuti muchoke."

Ndinayamba kulira. Kamtsikana kaja kanabwera kudzandiyang'anitsitsa, chala chili m'kamwa, kudabwa kuti munthu wamkulu chotere akulira chiyani m'mawamawa.

Ndakhala mphunzitsi zaka zambiri, ndalera ana anga ndi a ena. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti tsiku lija m'nyumba muja munali anthu awiri otifunira zabwino, ndipo onse awiri anatichitira mwano: wina anatikwezera mtengo, wina anandithira madzi. Amene anandipukuta misozi ndiye anabwera kudzatenga munthu. Sindikunena kuti kukoma mtima konse ndi msampha. Ndikanaganiza choncho ndikanakalamba ndekha. Koma munthu wondidziwa akandiumira mtima mwadzidzidzi popanda chifukwa, ndinaphunzira kuyamba ndayang'ana m'makona ndisanakwiye. Ndipo ana anga sindinawabisire zoopsa za pakhomo pawo poganiza kuti ndi aang'ono. Mwana amamva kudzera pakhoma, ndipo amasunga zonse. Ukapanda kumuuza kulemera kwa zimene wasenza, adzazitula kwa munthu woyamba amene angamufunse mwaulemu.